Mpira Wofiira wa Bambo Watsekedwa Mabowo

Manitowoc, Wisconsin
Lamlungu masana, mwezi wa Febuluwale

Achimwene a Garrett,

Ndiyambe ndi moni monga anatiphunzitsira malemu amayi, kuti musadzanene kuti mlongo wanu ulemu unamuthera. Muli bwanji kumeneko ku Alaska? Alamu anga a Shawna ali bwanji? Nanga kamwana kanu kaja, Piper, kamene ndimangokaona pa zithunzi za m'mafoni a anthu ena, kayamba kuyenda? Ngati nonse muli bwino, Mulungu atamandike. Kuno ine m'thupi ndili bwino. Za Bambo ndiye zomwe ndakhalira pansi.

Musadabwe kuona kalata. Nambala yanu ndinaifufuta tsiku lomwe tinaika amayi m'manda inu kulibe. Pamtima ndimaidziwabe, koma ndimadziwanso pakamwa pangapa. Ndikanaimba, ndikanayamba ndi kukutukwanani, inu mukanadula, nkhani yeniyeni n'kutsala. Werengani mpaka kumapeto, mukwiye pambuyo.

Nkhani ndi iyi: Bambo agula mpira watsopano wa bolingi, wogwetsera mapini uja.

Ndikukuonani mukuseka. Mukuti mtsikanayu wapenga, zaka zonsezi osandilankhula kenako n'kundilembera za mpira, ngati kuti Bambo sagula mpira chaka ndi chaka. Dikirani. Agula mpira wofatsa.

Mwasiya kuseka, eti?

Mukukumbukira ulaliki wawo wa patebulo, woti padziko pano mipira ilipo mitundu iwiri, anthunso mitundu iwiri. Pali wolusa, wonyezimira ngati galasi, umene umatsetsereka pamafuta othiridwa pa leni, kanjira kamatabwa kaja, ngati ulibe nazo ntchito, n'kukafika m'mphepete mwenimweni mwa ngalande mpaka oonera kugwira mpweya, ndiye ukangoponda pouma umakhota mwadzidzidzi, khoo! mapini onse khumi ali pansi. Ndiye pali wofatsa, wotuwa, wokhakhalitsidwa ndi sandipepa, umene umayamba kukhota msanga koma pang'onopang'ono, ngati nkhalamba ikukhotetsa galimoto polowa pa tchalitchi. Ankati wofatsa umakhululuka dzanja likalakwitsa, wolusa sukhululuka, ndipo mwamuna weniweni sadikira kukhululukidwa ndi mpira. Akatero ankandiloza ine ndi foloko n'kunena kuti uyu ndi wolusa, anatengera ine. Inu ankati simunadziwikebe mbali yanu.

Moyo wawo wonse Bambo sanagwirepo mpira wotuwa. Ndipo mwa mipira yawo yonse yolusa, mukudziwa womwe amaukonda: Wofiira, uja anagwetsa nawo mapini onse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, dzina lawo n'kulembedwa pakhoma la holo ya bolingi kwa Hruska.

Ine ndidakali pa kauntala pomwepo kwa Hruska, kubwereketsa nsapato ndi kupopera mankhwala m'nsapato za anthu odana ndi sopo. Lachinayi lililonse ligi ya azibambo ikamasewera ndimakhala kumbuyo kwenikweni kwa timu ya Bambo. Choncho zomwe ndikulembazi sindinachite kumva. Ndinaziona ndi maso anga.

Masamba atayamba kuyoyoka, Wofiira unasiya kukhota.

Inu mukudziwa kuti mpira wolusa sukhota wokha. Umafuna zala ziupotokole pouponya kuti upite ukuzungulira. Wa Bambo unkazungulira mpaka zolemba zake osaoneka, kungooneka moto wokhawokha. Tsopano ndinayamba kutha kuwerenga dzina la kampani mpira ukuyenda. Unkafika pouma paja, n'kuchita ngati waiwala chomwe wabwerera, n'kupitirira.

Bambo anayamba ndi kuimba mlandu mafuta. Anawauza a Hruska pamaso pa anthu kuti makina awo othira mafuta pa leni amayenda ataledzera. Kenako anati Wofiira wamwa mafuta ambiri, ukufunika kutulutsa thukuta. Tsiku lina ndikuweruka ndinalandiridwa ndi fungo la galaja m'khitchini. Kutsegula uvuni wa amayi, momwe ankaphikiramo makeke a Khirisimasi, ndinapeza Wofiira uli pa thireyi, mafuta ali chuchuchu. Ndinawafunsa ngati ndiwonjezere mbatata ndi anyezi m'mbali. Anati ndichoke, mkazi wopereka nsapato sangamvetse za sayansi.

Kenako kunabwera tepi. Tonse timaika tepi m'bowo la chala chachikulu kukazizira, chifukwa chala chimaphwa. Kachidutswa kamodzi, tiwiri. Koma Bambo sabata iliyonse ankawonjezera, akudandaula kuti mpira ukuwapulumuka, kuti chisanu cha chaka chino n'choipa, kuti a Hruska akuumira magetsi otenthetsera.

A Rollie Kasten, mnzawo wa pa timu uja, mimba yawo idakali patsogolo ngati kale, sankawapatsa mpata. Ankati a Norb, mpira wanu wapuma pantchito inu musanapume, muutengere kwa ansembe akaudzoze mafuta a odwala poti a muno wakana. Bambo ankabweza kuti munthu amene sanaonepo mapazi ake chikwatirireni asamayankhule za zinthu zoyenda pansi. Timu yonse inkafa nako kuseka, inenso momwemo. Anthu a bolingi tonse tili ndi nthenda imodzi: mpira ukalephera timafunsa mafuta, nsapato, nyengo, tepi, mpaka mowa wa dzulo. Dzanja lenilenilo palibe amene amaliyang'ana.

Ine ndinaliyang'ana Lachisanu lina tikudya nsomba yokazinga ku holo ya tchalitchi. Bambo anatenga kachidutswa ka ndimu kuti afinyire pa nsomba yawo. Anafinya, madzi osatuluka. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusinthira kudzanja lamanzere mwakachetechete. Pamenepo m'pamene ndinaona. Pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, pomwe panali nyama yotukuka ngati dzira, ya munthu wowotcherera zitsulo zaka makumi atatu, pali dzenje. Ndipo m'dzenjemo khungu linkagunda lokha, ngati pansi pake pali kanyongolotsi.

Nsomba ija sindinaimalize.

Kuyambira tsiku limenelo maso anga sanachokenso padzanjapo. Mabatani a shati ya ku Misa amalimbana nawo mpaka kusiya awiri a pamwamba, ati kukutentha, kunja chipale chofewa chili mpaka m'mawondo. Botolo la nkhaka amandipatsa ine, ati ndiphunzire kudzidalira. Mwezi wonse ndinkangodziuza kuti ndi ukalamba.

Ndiye kunabwera Lachinayi lomwe sindidzaliiwala. Bambo anatenga Wofiira, anaupukuta ndi kathaulo kawo kaja, anaima pamalo pawo, n'kuyamba kuyenda. Dzanja litapita kumbuyo, mpira unangochoka wokha. Unagwa pansi, dii! n'kugubuduzika chobwerera, kudutsa pakati pa mipando, mpaka kudzaima pafupi ndi kauntala yanga.

Mukulidziwa phokoso la kwa Hruska tsiku la ligi. Malo onse anangoti zii. Bambo anaseka mokweza, ati ndi tepi ya masiku ano, guluu wake ndi malovu. Koma dzanja linali lende, ndipo anachita kulilowetsa m'thumba la thalauza ngati chinthu chakuba.

Ndinatola mpirawo kuti ndikawapatse. Ndikuyenda nawo ndinalowetsa chala changa chachikulu m'bowo lawo. Achimwene, mukukumbukira tili ana tinkalowetsamo zala ziwiri n'kumasewera? Chala changa, cha ine mtsikana, chinalowa n'kukwana ndendende.

M'mutu munabwera munthu mmodzi yekha, ndipo ndikudziwa kuti kwa inunso wabwera kale: bambo aakulu a Clem.

Ine ndinali wamng'ono, koma ndikukumbukira zonse mwa ndondomeko yake. Anayamba ndi kugula mpira wofatsa, Bambo n'kumawaseka kuti mkulu wawo wagula mpira wa agogo. Kenako anagula wopepuka. Kenako anabwera pa njinga ya olumala, akuwaikira mpira pa chitsulo chotsetserekera chija timapatsa ana a pa phwando la tsiku lobadwa, iwo n'kumaukankha ndi chipumi. Kenako madzi enieniwo anayamba kuwatsamwa. Nzeru zinali zonse mpaka tsiku lomaliza, akungoyendetsa maso. Ndipo ndikukumbukira amayi akunong'oneza azakhali pa maliro kuti adokotala anati nthendayi nthawi zina imayenda m'magazi.

Loweruka lotsatira m'mawa Bambo anandiuza kuti ndiwaperekeze kwa a Verna Tollefson, oboola mipira aja a kashopu ka m'kati mwa Hruska. Anati Wofiira watha basi, akufuna wina wolusa kuposa pamenepo, woti ukakhota a Rollie akodzere m'thalauza.

A Verna anatsitsa mpira umene Bambo analoza, wakuda wosakanikirana ndi pepo, wonyezimira moti ndinadziona nkhope. Kenako, osafunsidwa, anatsitsanso wina wotuwa ngati phulusa n'kuuika pambali pake. Bambo anati chotsani chinthucho, ine mano anga onse alipo. A Verna anati mano sindiwo aponya mpira, bweretsani dzanja ndiyeze.

Mukuwadziwa a Verna. Akamayeza dzanja pakamwa sipatseka, amakuuzani za maondo awo, za mkamwini wawo waulesi, za mtengo wa batala. Anatenga dzanja la Bambo, analitambasula, akadali m'kati mwa nkhani ya mkamwiniyo. Anadina pansi pa chala chachikulu. Nkhani inathera panjira. Anapereka zala zawo ziwiri n'kuwauza Bambo kuti afinye. Anati finyani, a Norb. Bambo anati ndafinya kale.

A Verna anandiyang'ana ine pamwamba pa magalasi awo. Kenako anauza Bambo, motsitsa mawu, kuti dzanja ili analiyezapo kale, koma silinali lawo.

Palibe amene anafunsa kuti linali la ndani.

Bambo anachotsa dzanja lawo mwamphamvu, ati sanabwere kudzaombeza. A Verna anati chabwino, mpira sausankhira pa kauntala, tiyeni pa leni. Anatenga mipira yoyesera, wolusa ndi wofatsa, n'kutitsegulira leni yakumapeto. M'mawa umenewo munalibe munthu.

Anayamba ndi wolusa. Unatsetsereka bwinobwino, unafika pouma, ndipo sunachite kanthu. Unadutsa pini yakutsogolo osaikhudza n'kukagwetsa titatu ta m'mbali. Anaponyanso. Chimodzimodzi. Kachitatu unathera m'ngalande. Bambo anati leniyi yathiridwa mafuta ngati chiwaya cha tchipisi.

A Verna anawapatsa wotuwa. Bambo anauponya monyoza, ngati akutaya zinyalala. Unagwira matabwa msanga, unayamba kupinda pang'onopang'ono, n'kukalowa pampata weniweni. Mapini onse anagwa, osati mwa chiphokoso chija munazolowera, koma ngati anthu otopa akugona pansi. Anaponyanso. Anagwanso onse.

Sindinaonepo munthu akukwiyira mapini chifukwa choti agwa. Nkhope ya Bambo inachita kuda. Anati wotuwawo ndi wabodza, umanyengerera munthu. A Verna anati wolusa umafuna zomwe dzanja likupatsa, wofatsa umalandira zomwe dzanja latsala nazo, musankhe nokha.

Pamenepo pakamwa panga panatseguka, mukundidziwa. Ndinawauza pamaso pa a Verna kuti si mafuta, si tepi, si chisanu, si makina oledzera, ndipo ataika mpirawo mu uvuni mpaka Pasaka sizisintha kanthu. Ndinati ndi dzanja, Bambo, ndipo mukudziwa kuti likufanana ndi la ndani. Ndinati tiyeni kuchipatala. Anati pakamwa panga ndi sowo, amene adzandikwatire adzakhala wogontha. Anati dokotala sanagwetsepo pini ndi imodzi yomwe. Anavala chipewa n'kutuluka, osagula mpira uliwonse.

Ndinawapeza m'galimoto. Analowetsa kiyi ndi dzanja lamanja n'kuyesa kupotokola. Kiyi osayenda. Anayesanso. Tonse tinkayang'ana dzanjalo, ngati la munthu wachitatu amene wakwera nafe. Kenako anatambasula lamanzere modutsa chiwongolero n'kuliza galimoto. Njira yonse anangonena chinthu chimodzi, kuti kumwambaku kukuoneka ngati kugwanso chipale.

Masiku otsatira sindikudziwa kuti ndinawadutsa bwanji. Akamamwa khofi ndinkamvetsera pakhosi pawo. Akatsokomola, ine mtima phaa. Akamatsika masitepe kupita kuchipinda chapansi ndinkaima pamwamba ngati ndikufuna chinachake. Ndinawerenga za nthendayi pa foni mpaka ndinaiponya pa sofa. Kuntchito, ndikamapopera nsapato, ndinkadzipeza ndikuyang'ana dzanja langa lomwe, kuona ngati khungu likugunda. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, achimwene, ndipo ndikuyeza chala changa ndi botolo la mankhwala a nsapato.

Lachitatu ndili pa kauntala, a Verna anandikodola. Anatseka chitseko cha shopu yawo, chinthu chomwe sachita.

Anati Bambo anabwera Lolemba m'mawa, tsiku lomwe ine sindigwira ntchito. Anati sanakambe nthabwala, sananyoze munthu. Analoza wotuwa uja n'kufunsa ngati ulipo wa mapaundi khumi ndi atatu. Bambo, amene ankati mpira wochepera khumi ndi asanu ndi wa ana a sukulu ndi masisitere. A Verna anawayeza, n'kuboola mabowo ang'onoang'ono okwana dzanja lomwe ali nalo tsopano.

Ndiye a Verna anawerama n'kutulutsa china pansi pa kauntala. Unali Wofiira.

Anati Bambo anauika patsogolo pawo n'kunena kuti autseke mabowo. A Verna anawafunsa ngati akudziwa zomwe akunena, poti bowo likatsekedwa latsekedwa. Bambo anati tsekani, mukatero muusiye choncho mpaka dzanja la Garrett lifike. A Verna anawakumbutsa kuti dzanja lanu analiyeza muli mnyamata wa sukulu, ndipo dzanja la munthu wokoka zingwe za m'sitima ya nkhanu linasintha kalekale, sangaboole mongoganizira, mwiniwake ayenera kubwera nalo yekha. Bambo akuti anayankha kuti akudziwa, n'chifukwa chake.

Ndinaugwira, achimwene. Pomwe panali zala za Bambo pali timabwalo titatu tosalala, tofiira mosiyanako pang'ono, ngati maso otsekedwa. Ndinayendetsa chala changa pamenepo kufunafuna polowa. Panalibe.

Ndinkaganiza kuti chomwe ndikuopa ndi Bambo okana. Ndinkapemphera kuti avomere. Koma atavomera m'pamene mantha enieni anandigwira. Pomwe ankakana, ndinkatha kuwakalipira. Tsopano ndikalipire ndani?

Madzulo ake ndinawapeza akukazinga soseji, foloko ili kumanzere. Ndinati ndaonana ndi a Verna. Anati mayi uja pakamwa pake ndi wailesi ya boma. Sanatembenuke. Akuyang'ana m'chiwaya momwemo anandiuza kuti anadziwa kalekale, masamba asanathe kuyoyoka. Anati amene ankawameta ndevu a Clem ndi iwo, amene ankawamwetsa ndi kasupuni ndi iwo, ndiye dzenje limenelo palibe angawaphunzitse. Anati ankafuna mpira wolusa chifukwa ukanangokhota kamodzi kokha, kamodzi basi, akanati ndi mafuta ndithu, n'kugona tulo.

Kenako anati aimba okha foni kuchipatala chachikulu ku Milwaukee, ndipo awapatsa tsiku la 11 Malichi m'mawa. Akuti akawabaya timasingano m'minofu kuti amve ngati mitsempha ikulankhulabe. Namwino wawauza kuti nthawi zina umangokhala mtsempha wopanikizika m'khosi, umene amatha kuukonza. Bambo ananena zimenezi ngati mmene amanenera kuti timu yawo ikhoza kutenga chikho chaka chino. Inenso ndagwira pomwepo ndi manja awiri, poti pena pogwira palibe.

Ndinawafunsa ngati ndikuuzeni. Anati ayi, usamuvutitse mchimwene wako, ali ndi mwana wamng'ono, ndipo ndege ndi yodula. Ndinati nanga mpira mwautsekera ndani? Anati soseji zikupserera, bweretsa mbale.

Mukuwadziwa bambo anu. Pakamwa sadzakupemphani mpaka kufa. Akupemphani ndi mpira.

Lachinayi lapitali anapita nawo wotuwa ku ligi. Atautulutsa m'chikwama n'kuuika pakati pa mipira yonyezimira ya anzawo, timu yonse inatembenukira kwa a Rollie kudikira. Munthu uja wadikira zaka makumi atatu kuti aone a Norbert Pribek atanyamula mpira wa agogo. A Rollie anauyang'ana, anayang'ana dzanja la Bambo, n'kunena kuti mtundu wake ndi wabwino, sudetsedwa msanga. Anapita kuchimbudzi, anakhalitsako, n'kubwera maso ali psuu, ati anyezi wa m'baga, buledi wanyama uja wa a Hruska.

Bambo anawaimirira kutsogolo n'kuwauza kuti iwe Rollie, ukapanda kundinyoza lero ndikumenya, ndipo lamanzereli likadali ndi mphamvu. A Rollie anafunsa ngati mpirawo anaugula limodzi ndi ndodo yoyendera kapena ndodoyo amapereka ulere, ndiponso ngati ukafika kumapini umayamba wagogoda n'kufunsa ngati ali pakhomo. Anthu anaseka mopitirira muyezo, kuseka kwa anthu oopa kuleka.

Ndipo Bambo anasewera bwino. Ndicho chinandipweteka. Mpira unkapita modekha, n'kupinda, mapini n'kugwa. Timu inapambana koyamba chiyambire Khirisimasi. Anthu ankawomba m'manja, ena akuti a Norb abwerera. Ine ndinkangoona a Clem, chifukwa nawonso chaka chomwe anagula wofatsa anasewera bwino. Ndinalowa m'kachipinda ka nsapato, ndinakhala pansi pakati pa fungo lija.

Tsopano ndimveni bwino, chifukwa sindidzabwerezanso.

Sindinakukhululukireni. Nthawi ya amayi munati nyengo ya nkhanu sidikira munthu, mubwera ikatha. Amayi nawonso sanadikire. Tsiku lomwe dokotala anatseka chitseko n'kukhala pansi kuti atiuze, Bambo anatuluka kukasuta, ine ndinatsala ndekha pa mpando uja, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndikugwedeza mutu ngati ndikumva. Ndinasintha zofunda ndekha. Ndinasankha bokosi ndekha. Maluwa anu anafika, anali okongola, ndinawapereka kwa aneba.

Sindikunena izi kuti mubwere ndi pepani. Pepani wanu musiye ku Alaska, kuno alibe pogona. Ndikunena kuti mudziwe kuti mlongo wanu, wolusa uja, amene sanakupempheni kanthu chibadwire, lero akupempha.

Ndikuopa, achimwene. Ndikuopa moti ndikulemba ndikupumira. Sindingathe kukhalanso ndekha m'chipinda chija chitseko chikamatsekedwa. Ndikufuna pa 11 Malichi Bambo akhale pakati, ine mbali iyi, inu mbali inayo. Akafuna kutuluka kukasuta, wina awatsatire, wina atsale kumva. Ndipo dokotala akatchula dzina la nthenda ya a Clem ija, pafunika munthu woyendetsa galimoto kuchokera ku Milwaukee kubwerera kuno, chifukwa Bambo dzanja alibe, ndipo anga adzakhala akunjenjemera.

Akati ndi mtsempha wa m'khosi, mudzandiseke mmene mungafunire, mudzanene kuti mtsikana wa nsapato anakudzutsani pachabe. Ndidzalola. Tsiku limenelo lokha, ndidzalola.

Musandiuze za nkhanu. Musandiuze za abwana a sitima. Nkhaniyi si ya Bambo okha, ndi ya magazi omwe ali mwa ine, mwa inu, ndi mwa Piper. Ngati tiimve, tiimvere limodzi.

Chipinda chanu chili momwe munachisiyira, kungoti ndinaikamo makina ochapira akufa aja, mudzawasunthe nokha. Bambo sakudziwa kuti ndalemba. Mukafika musadzawayang'ane dzanja pakhomo pomwe. Mudzawanyoze kaye za mpira wotuwawo, mwamphamvu ndithu, ndi zomwe akufuna.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Shawna. Muwauze kuti iwo ndilibe nawo chifukwa, ndipo ngati angathe kubwera ndi mwana abwere, Bambo amunyamule manja onse awiri akadali kumva. Piper mumupsompsone pachipumi, mumuuze kuti ali ndi azakhali olongolola amene sanamuonepo. A Verna akupereka moni. A Rollie akuti munali ndi dzanja labwino koma mutu wa nkhuku.

Mulungu akusungeni panyanja pamenepo, akutsitseni pamtunda muli amoyo, ndipo akupatseni nzeru zowerenga kalendala.

Ndine mlongo wanu, wokwiyabe,
Tessa

Ndinaiwala: a Verna akuti mukadzafika musadzapite kwa iwo molunjika kuchokera panja. Dzanja lozizira limanama, bowo limadzakhala lothina. Mudzayambe mwakhala m'nyumba ndi Bambo, mumwe nawo khofi, dzanja litenthe. Wofiira uli pa shelefu yapamwamba, kuseri kwa kauntala, ndipo auza aliyense kuti sugulitsidwa.